Nyanga za Njati Pakhomo: Mbiri ya Atoraja a ku Sulawesi

Wopita kwa Atoraja amatsika ndege ku Makassar, mzinda wa padoko kummwera kwa chilumba cha Sulawesi m'dziko la Indonesia, n'kukwera basi ya usiku. Mtunda wake ndi makilomita opitirira 300, ndipo basi imayenda maola 8, mwinanso 10. Msewu umayamba watsata gombe m'dziko la Abugis mpaka ku Parepare, kenako umakhotera kumtunda n'kuyamba kupota mapiri a ku Enrekang. Kukamacha, mlendo amakhala atalowa m'chigwa cha mtsinje wa Sa'dan. Kumeneko amaona minda ya mpunga yosanjikizana m'mapiri, nkhalango za nsungwi, matanthwe otuwa a laimu, ndi madenga a nyumba opindikira kumwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lero derali lili ndi maboma awiri: Tana Toraja, lomwe likulu lake ndi Makale, ndi Toraja Utara, lomwe likulu lake ndi Rantepao. Mabomawa adagawikana mu 2008, ndipo onse pamodzi ali ndi anthu opitirira theka la miliyoni.

Otsatsa maulendo amakonda kunena kuti kumapiri kuno zinthu zidakali monga zidalili kalekale. Mawuwo amakopa alendo, koma amawalanda Atoraja mbiri yawo. M'zaka 150 zapitazi anthuwa aona nkhondo zolimbirana khofi, malonda a akapolo, utsamunda wa Adatchi, amishoni, zigawenga, ana awo akubalalikira kutali kukasaka ndalama, ndiponso mabasi odzaza ndi alendo. Chilichonse mwa izi chidaukhudza mwambo. Chodabwitsa n'chakuti miyambo yambiri idafota, pomwe umodzi wokha, wa maliro, udanka nukula. Chifukwa chake chili m'mbiri yawoyo.

Utsi wokwera ndi utsi wotsika

Makolo a Atoraja ndi a m'gulu lalikulu la anthu olankhula zinenero za Austronesia, omwe adafalikira m'zilumba za kuno pa mabwato zaka masauzande zapitazo. Eni ake amafotokoza mwina. Amati mlengi, Puang Matua, adasula kholo la anthu ndi golide pa mvukuto, ndipo pamvukuto womwewo padatulukanso makolo a mpunga, njati, nkhuku, thonje, chitsulo ndi mvula. Choncho munthu, njati ndi mpunga ndi pachibale. Amatinso kale padali makwerero olumikiza dziko ndi kumwamba, koma adagumuka munthu ataswa malamulo. Malamulo amenewo amatchedwa aluk, ndipo chipembedzo chonse cha makolo chimadziwika ndi dzina loti Aluk To Dolo.

Aluk adagawa moyo pawiri. Mbali ina ndi Rambu Tuka', utsi wokwera: miyambo ya kum'mawa, yochitika dzuwa likukwera, yokhudza kubzala ndi kukolola mpunga, kulowa nyumba yatsopano, kuchiritsa odwala ndi kuthokoza. Mbali inayo ndi Rambu Solo', utsi wotsika: miyambo ya kumadzulo, yoyamba dzuwa litapendeka, yokhudza imfa. Ziwirizi sizinkaloledwa kukhudzana. Maliro aakulu ankadikira kuti mpunga uyambe walowa m'nkhokwe, ndipo anamfedwa apafupi ankasala mpunga mpaka mwambo utatha, n'kumadya chimanga ndi zina. Wosunga malamulo onsewa adali tominaa, wansembe woloweza pamtima mapemphero aatali a chinenero chokuluwika, omwe ena ankatenga usiku wathunthu.

Pakati pa zonsezi pali nyumba ya mtundu, tongkonan. Imamangidwa pa nsanamira, mitengo yake imalumikizidwa polowetsana popanda msomali, ndipo denga lake lachikale ndi la nsungwi zong'amba zosanjikizidwa mokhuthala, ngakhale kuti masiku ano malata ndiwo achuluka. Nyumbayi imayang'ana kumpoto, kumene kuli mlengi, ndipo moyang'anizana nayo pamakhala mzere wa nkhokwe za mpunga, alang, zofanana nayo maonekedwe koma zocheperapo. Pansi pa nkhokwe pali thandala la matabwa pomwe pamakhala alendo olemekezeka. Makoma amagobedwa n'kupakidwa mitundu inayi yokha: wofiira, wakuda, woyera ndi wachikasu. Pamwamba pamaoneka tambala ataima pa dzuwa, m'munsi mitu ya njati yobwerezedwabwerezedwa. Pa mzati waukulu wa kutsogolo pamakhomedwa nyanga za njati, zina pamwamba pa zinzake, ndipo wodziwa amawerengapo maliro amene banjalo lidachita.

Tongkonan si ya munthu mmodzi. Mtoraja amawerengera mtundu kuchimuna ndi kuchikazi komwe, kotero amakhala ndi gawo m'nyumba zingapo. Nsapo yake imakwiriridwa kum'mawa kwa nyumba yomwe wabadwira, ndipo denga likavunda, zidzukulu zonse, ngakhale zokhala kutsidya kwa nyanja, zimasonkha. Koma si banja lililonse linkaloledwa kugoba makoma. Anthu adali m'magulu anayi otchulidwa potengera zikhomo: cha golide, cha chitsulo, cha mtima wa mtengo wa kanjedza, ndi cha bango. Pamwamba padali mafumu, pansi akapolo, ndipo gulu la munthu ndilo linkanena chiwerengero cha njati zophedwa pa maliro ake.

Khofi, mfuti ndi akapolo

Anthu a kumapiriwa sadali otsekeredwa. Kwa zaka mazana ambiri ankasinthana katundu ndi maufumu a kuchigwa, a Luwu, Sidenreng ndi Bone. Nsalu zakale za ku India zomwe mabanja amasunga ngati chuma chopatulika zidadzera m'njira zimenezo. Nthawi zina ubalewo unkasanduka nkhondo. M'zaka za m'ma 1680 asilikali a Arung Palakka, mfumu ya Bone, adakwera kumapiri, ndipo Atoraja amakumbukirabe mgwirizano wa mafumu a midzi omwe adalumbira kuwabweza. Koma mgwirizano wotere udali wakanthawi. Masiku onse munthu ankadziwika ndi mudzi wake, Kesu', Sangalla', Pangala' kapena Tikala, ndipo midzi yoyandikana inkathirana nkhondo.

Zinthu zidafika poipa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Khofi wa arabica wa m'mapiriwa adakwera mtengo, ndipo magulu awiri a amalonda adayamba kumulimbirana. Ena ankafuna kuti azitsikira kum'mawa, kudoko la Palopo m'dziko la Luwu. Ena kummwera, kudzera ku Sidenreng mpaka ku Parepare. Mbali iliyonse idapeza mafumu achitoraja oigwirizira, n'kuwapatsa mfuti. Nkhondo ya Khofi idabuka cha m'ma 1889, ndipo chipwirikiti chake chidapitirira m'zaka za m'ma 1890. Mtengo wa khofi ukatsika, katundu wina ankalowa m'malo: anthu. Ogwidwa pankhondo, olephera kubweza ngongole, ngakhale otaya zonse pa juga ya atambala, ankamangidwa n'kutsitsidwa kuchigwa. Mbiri ya nthawi imeneyi adaifufuza mozama ndi Terance Bigalke, ndipo imaonetsa kuti mafumu ochepa okhala ndi mfuti adalanda minda yambiri ya anzawo. Midzi idasamukira pansonga za mapiri, kuseri kwa malinga a miyala. Njira zambiri zomwe alendo amayendamo lero ndi zomwezo zinkadutsa matumba a khofi ndi mizere ya akapolo.

Pong Tiku

Mmodzi mwa mafumu amene adakula mphamvu m'nyengo imeneyi ndi Pong Tiku wa ku Pangala', wobadwa mu 1846. Adali kumbali ya Sidenreng, adalemera ndi khofi, ndipo adamanga malinga angapo m'mapiri a kumpoto chakumadzulo kwa Rantepao. Mu 1905 Adatchi adayamba nkhondo yogonjetsa maufumu onse a kummwera kwa Sulawesi, ndipo chaka chotsatira adafika kumapiri. Mafumu ambiri adagonja msanga. Pong Tiku adakana. Adadzitsekera m'linga la Buntu Batu, pamwamba pa thanthwe, ndipo anthu ake ankagubuduzira miyala asilikali okwera pa makwerero ndi kuwathira madzi a tsabola m'maso.

Lingalo lidagwa mu Okutobala 1906. Mbiri imati chimodzi mwa zomwe zidamufewetsa mtima kuti avomere kuleka nkhondo chidali chakuti mayi ake adamwalira m'kati mwa nkhondoyo ndipo ankayenera kuikidwa mwaulemu. Adatchi adamulola kukonzekera malirowo kwa miyezi ingapo, koma mu Januwale 1907 iye adazemba ndi otsatira ake. Adagwidwa pakati pa chakacho n'kuwomberedwa m'mphepete mwa Sa'dan ku Rantepao pa 10 Julayi 1907. Mu 2002 boma la Indonesia lidamulengeza kukhala ngwazi ya dziko.

Atsamunda adathetsa nkhondo za pakati pa midzi, adaletsa ukapolo, adaika msonkho, adatsitsa midzi ina kuchoka pansonga kuti ikhale pafupi ndi misewu, ndipo adajambula malire. Dzina loti Toraja, lomwe Abugis ankatchulira anthu a kumtunda, Adatchi adalilemba m'mabuku a boma mu 1909. Pang'onopang'ono anthu omwe kale ankadziwika ndi midzi yawo adayamba kudziona ngati mtundu umodzi.

Amishoni agawa mwambo

Adatchi ankada nkhawa ndi kufalikira kwa Chisilamu kuchokera kuchigwa, kotero adatsegulira khomo amishoni. Ubatizo woyamba udachitika ku Makale mu Malichi 1913, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho kudafika Antonie Aris van de Loosdrecht wa bungwe la Gereformeerde Zendingsbond. Adatsegula masukulu ambiri m'kanthawi kochepa. Koma mitima ya ena idali itawawa kale ndi msonkho, ntchito yokakamiza ya boma ndi malamulo oletsa juga ya atambala, ndipo mmishoniyo ankaoneka ngati mbali ya ulamuliro watsopanowo. Pa 26 Julayi 1917 adabayidwa ndi mkondo ku Bori', nafa.

Amishoni amene adatsala adaphunzirapo kuyenda mosamala. Katswiri wa zinenero Hendrik van der Veen, yemwe adafika mu 1916, adatha zaka zambiri akulemba mapemphero a atominaa, adasindikiza dikishonale mu 1940, ndipo adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'chitoraja. Funso lovuta lidali lakuti Mkhristu angachite chiyani pa mwambo wa makolo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi akuluakulu a mpingo adayamba kulekanitsa aluk, yemwe adamutcha chipembedzo, ndi adat, chikhalidwe wamba. Zopereka nsembe kwa mizimu zidaletsedwa. Koma kupha njati pa maliro n'kugawira anthu nyama kudaloledwa, malinga ngati sikunenedwa kuti njatizo zikuperekeza mzimu.

Chigamulo chimenechi ndicho chidakonza tsogolo la mbali ziwiri zija. Miyambo yambiri ya kum'mawa, makamaka ya mpunga, idali nsembe ndi mapemphero okhaokha. Utachotsapo zimenezo, panalibe chotsala. Maliro adali ndi zambiri zotsala: chibale, ulemu, nyama ndi ngongole.

Komabe Chikhristu chidayenda pang'onopang'ono. Mpingo wa Gereja Toraja udaima paokha pa 25 Malichi 1947, koma pofika 1950 Akhristu adali pafupifupi mmodzi mwa anthu khumi alionse. Chidasintha zinthu ndi chipwirikiti cha dziko litangolandira ufulu. Zigawenga za Darul Islam, motsogozedwa ndi Kahar Muzakkar, zidasautsa kummwera kwa Sulawesi kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka iye ataphedwa mu 1965, ndipo midzi ya m'malire idatenthedwa, anthu ena n'kukakamizidwa kusintha chipembedzo. Ambiri adathawira mumpingo. Pambuyo pa 1965 munthu wopanda chipembedzo chovomerezeka ndi boma ankakayikiridwa kuti ndi wachikomyunizimu. Otsatira aluk adapeza pobisala mu 1969, pomwe Aluk To Dolo adavomerezedwa ngati nthambi ya Chihindu, koma sukulu ndi ntchito za boma zidali zitakokera kale achinyamata kutchalitchi. Lero Atoraja ambiri ndi Akhristu, ndipo pamwamba pa phiri la Buntu Burake ku Makale paima chifanizo chachikulu cha Yesu.

Maliro ndi kaundula wa ngongole

Munthu akatsirizika kwa Atoraja, sanenedwa kuti wamwalira. Amatchedwa to makula', wodwala. Thupi limakonzedwa kuti lisawonongeke, kale ndi zitsamba, masiku ano ndi mankhwala a fomalini, ndipo limagonekedwa m'chipinda cha kummwera kwa nyumba, mutu utaloza kumadzulo. Abale amamubweretsera chakudya ndi khofi, amamulonjera, ndipo mlendo akafika amayamba wakamupatsa moni. Zimatha miyezi, mwinanso zaka, kufikira abale onse atagwirizana tsiku ndi kusonkhanitsa chuma. Mwambo ukayamba, mutu umatembenuzidwira kummwera, kumene kuli Puya, dziko la mizimu, ndipo apo m'pamene munthuyo wamwalira.

Pabwalo pamamangidwa misasa ya nsungwi yokhala ndi manambala, ndi nsanja yaitali yoikapo bokosi. Bokosilo limanyamulidwa pa chithatha chooneka ngati tongkonan, amayi ali patsogolo atagwira nsalu yaitali yofiira pamwamba pa mitu yawo. Tsiku lolandira alendo, mudzi uliwonse ndi banja lililonse limalowa pamzere, litavala zakuda, njati patsogolo, nkhumba zitamangidwa pa nsungwi zikulira. Wolengeza amatchula pa chimkuzamawu dzina la wobweretsa, chiweto chake, ndi mwana wa malemu amene chikupita kwa iye. Pambali pamakhala munthu ndi kope, akulemba. Palinso wa boma, chifukwa chiweto chilichonse chophedwa pamwambo chimalipiridwa msonkho, ndipo msonkhowo ndi gwero lalikulu la ndalama zomwe maboma awiriwa amatolera okha.

Kopelo ndilo mtima wa nkhani yonse. Nkhumba yobweretsedwa lero ndi yobweza ngongole ya maliro akale, kapena ikutsegula ngongole yatsopano yomwe idzabwezedwe ndi chiweto cha msinkhu womwewo, ngakhale patapita mbadwo. Kukula kwa nkhumba kumayezedwa pachifuwa, kwa njati pa nyanga. Mwa mwambo, minda ya mpunga ya malemu imagawidwa potengera njati zomwe mwana aliyense wapha, kotero woumira pa maliro a bambo ake amadzimana yekha cholowa. Nyama nayo sigawidwa chisawawa. Wogawa amaitana maina motsata ulemu, ndipo chiwalo chimene munthu walandira, mutu, chiwindi kapena mwendo, chimauza khamu lonse malo ake m'mudzi. Kulakwitsa pamenepa kumabala mlandu.

Maliro apamwamba kwambiri amafuna njati zosachepera 24. Njati zimenezi ndi zoweta, ndipo yamphongo yosungidwira mwambo sigwira ntchito yolima. Pamsika wa Bolu ku Rantepao mwini wake amaisambitsa, amaidyetsa udzu pamanja, amaipukuta nyanga, iyo ili phee ndi chingwe pamphuno. Yamtengo kuposa zonse ndi yamawangamawanga, yoyera ndi yakuda, ya maso otuwa, yotchedwa saleko, ndipo imodzi imatha kuposa mtengo wa galimoto yatsopano. Pabwalo imaphedwa itaima, ndi chikwanje chimodzi pakhosi. Usiku amuna amagwirana zala n'kupanga bwalo, akuyenda pang'onopang'ono cham'mbali, akuimba ma'badong, nyimbo yolondola moyo wa malemu kuyambira kubadwa mpaka ulendo wake wa kummwera. M'misasa anthu amadya nyama yophikidwa m'nsungwi ndi masamba, pa'piong, akumwera uchema.

Manda a m'matanthwe

Atoraja sakonda kukwirira akufa m'nthaka yomwe imabala mpunga. Kale ankaika mitembo m'mabokosi a mitengo ogobedwa, erong, n'kuwasiya m'mapanga kapena kuwapachika pa matanthwe. Ku Londa ndi ku Ke'te' Kesu' akadalipo, ena atafumbwa, mafupa ali poyera. Kenako padabwera liang, chipinda chosemedwa m'thanthwe ndi nyundo ndi tchizulo, ntchito ya miyezi yambiri yomwe malipiro ake ankawerengedwa m'njati. Liang imodzi imalandira mibadwo ingapo ya banja limodzi. Ku Lemo zitseko zake zazing'ono zili m'mwamba pakhoma la thanthwe, ndipo pakhonde losemedwa pambali paima zifanizo za mitengo, tau-tau, zitavala zovala, manja atatambasulidwa. Za mafumu zimasemedwa ku mtengo wa jakifuruti. Ku Bori' kuli miyala italiitali yoimikidwa pabwalo la maliro, uliwonse wokumbutsa munthu wamkulu mmodzi. Ku Kambira kuli mtengo wa utomoni woyera momwe ankaikamo makanda omwalira asanamere mano, bowo n'kutsekedwa ndi ulusi wa kanjedza. Mwambo umenewu udaleka. Masiku ano mabanja ambiri amamanga timanyumba ta simenti, patane. Kumidzi ya kumpoto, monga ku Pangala' ndi Baruppu', akatha kukolola cha mu Ogasiti amatsegula manda, amatulutsa makolo, amawapukuta n'kuwaveka zovala zatsopano pamwambo wa ma'nene'.

Ndalama za kutali ndi makamera

Minda ya mpunga ya m'mapiri siikwanira anthu onse. Mtendere utabwerera pambuyo pa 1965, achinyamata adayamba kuchoka mwaunyinji: ku Makassar, kumakampani odula mitengo ndi a mafuta ku Kalimantan, kumigodi ya ku Soroako ndi ku Papua, ena mpaka ku Malaysia. Ambiri mwa oyamba kupita kusukulu za mishoni ndi kukagwira ntchito kutali adali ochokera m'mabanja apansi, chifukwa analibe minda yowagwira miyendo. Atabwerako ndi ndalama, adachitira makolo awo maliro omwe kale sakadaloledwa. Mabanja achifumu, poopa kupitiriridwa, adawonjezera njati zawo. Toby Alice Volkman, yemwe adakhala m'midzi ya m'phiri la Sesean chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, adalemba za mpikisano umenewu m'buku lake la Feasts of Honor. Chotsatira chake n'chakuti maliro aakulu a lero amapha ziweto zambiri kuposa a nthawi ya makolo, ndipo njati zina zimachita kugulidwa kuzilumba zina.

Alendo a kunja adayamba kufika m'nyengo yomweyo. Mu 1972 maliro a Puang wa ku Sangalla', mmodzi mwa mafumu akuluakulu otsiriza, adajambulidwa pa kanema n'kuonetsedwa kumaiko a kutali. Mu 1984 boma lidayamba kutsatsa Tana Toraja ngati malo oyenera kupitako munthu akachoka ku Bali. Khofi nayenso adabwerera pamsika wa dziko lonse kampani ya ku Japan ya Key Coffee itayamba kugulitsa khofi wa Toarco Toraja mu 1978. Mahotela adamangidwa, anyamata adaphunzira Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani kuti azilondolera alendo, ndipo osema adayamba kupanga timatongkonan tolowa m'chikwama.

Zonsezi zidabwera ndi zowawa zake. M'zaka za m'ma 1980 akuba adachotsa tau-tau zambiri m'makonde a manda n'kukazigulitsa kwa osonkhanitsa zosemasema ku Ulaya ndi ku America. Mabanja adabisa zotsala, ena adaikira zitsulo, ndipo pamalo ena padaikidwa zatsopano zoti alendo azijambula. Mu 1987 anthu a ku Ke'te' Kesu' ndi midzi ina adatseka makomo awo kwa masiku angapo pokwiya ndi malamulo a boma owaletsa kusintha nyumba zawo ndi manda awo, ngati kuti mudzi ndi nyumba yosungiramo zakale. Padalinso mkangano wa yemwe ali woyenera kufotokoza mwambo: wolondolera alendo wochokera ku Makassar, mnyamata wa m'mudzi wopanda chiphaso, kapena mwini tongkonan. Kathleen Adams adalemba za mikangano imeneyi m'buku la Art as Politics. Kenako mavuto a zachuma a 1997 ndi 1998, ziwawa za ku Poso m'chigawo choyandikana ndi chawo, ndi mabomba a ku Bali a 2002 zidathamangitsa alendo a kunja kwa zaka zingapo. Amene adadzaza malowo pambuyo pake ndi nzika za Indonesia zomwe. Mu 2009 midzi yachikale ya Atoraja idalowa pamndandanda woyembekezera wa UNESCO, ndipo bwalo la ndege latsopano la ku Buntu Kunik lidayamba kulandira ndege mu 2020.

Njira za wapansi

Woyenda pagalimoto amaona manda ndi maliro. Woyenda wapansi amaona chomwe chimalipira zonsezo. Ulendo wodziwika umayambira ku Batutumonga, m'mbali mwa phiri la Sesean lomwe ndi lotalika mamita pafupifupi 2,100. M'mawa chigwa chonse cha Rantepao chimakhala chitakutidwa ndi nkhungu. Njira imadutsa ku Lo'ko' Mata, mwala umodzi waukulu wobooledwa manda mbali zonse, kenako imatsika m'mizere ya minda kudzera ku Pana' ndi Tikala. M'njiramo muli khofi woyanikidwa pamphasa, koko, mitengo ya kanjedza yogomedwa uchema, ngalande zogawira madzi m'minda, ndi tchalitchi pafupifupi pamudzi uliwonse. Mpunga wachikale umadulidwa ngala imodziimodzi ndi kampeni kobisika m'dzanja, n'kumangidwa timitolo.

Olimba miyendo amayenda masiku atatu kuchokera ku Mamasa, m'chigawo cha West Sulawesi, mpaka ku Bittuang, akugona m'nyumba za anthu, katundu ali pa kavalo. Anthu a ku Mamasa ndi abale a Atoraja, koma madenga awo ndi olemera ndiponso osapindika kwambiri, ndipo maliro awo sachuluka ziweto ngati a ku Sa'dan. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Seputembala, yomwenso ndi nyengo ya maliro aakulu, chifukwa ana a kutali amabwera patchuthi. Mlendo sathamangitsidwa pamaliro. Amavala zakuda, amatenga shuga kapena fodya ngati chipepeso, amakhala pomwe wauzidwa, ndipo sadutsa patsogolo pa mzere wa anamfedwa pofuna chithunzi.

Atoraja eni ake amakangana za mwambowu tsiku ndi tsiku. Pali achinyamata odandaula kuti malipiro a zaka zambiri amathera pabwalo m'sabata imodzi, ndi makolo olephera kulipira sukulu chifukwa cha nkhumba ya ngongole. Abusa amalalikira za kudziletsa, ndipo pamaliro ambiri ziweto zina siziphedwa koma zimaperekedwa kuti zigulitsidwe, ndalama zake zikamange tchalitchi, msewu kapena sukulu. Koma ndi ochepa amene amalimba mtima kutuluka m'kaundula uja, chifukwa kutulukamo n'kudzichotsa pa mtundu. Maliro sali pangozi yotha. Chomwe chikutha ndi mbali yomwe makamera sadaitsate. Atominaa odziwa mapemphero a mpunga atsala owerengeka, ambiri ndi okalamba, ndipo ana awo adabatizidwa. Mbewu zamakono zokolola kawiri pachaka zidasokoneza kalendala yomwe inkalekanitsa nyengo ya kulima ndi nyengo ya kulira. Nyumba yatsopano ikamalowedwa, mwambo umachitikabe ndipo nkhumba zimaphedwa, koma wotsogolera pemphero ndi mbusa. Mwa mbali ziwiri zomwe aluk adagawa, ya imfa idapeza ndalama, boma ndi alendo oichirikiza, pomwe ya mpunga yatsala m'mitu ya nkhalamba zochepa ndi m'mabuku a van der Veen.